Msomali Wotsatira

Wandipeza ndikupala mwendo wa tebulo,
kope m'manja, cholembera pakamwa.
"Ababa, mwambi wa Chingerezi uwu wandizunguza mutu.
Akuti kukweza mtengo wopingasa.
Mtengo wake uti? Akuukweza ndani?"

Sasa utuchi pabenchipo, Esinala, ukhale.

Nafenso tinafunsa chomwecho,
chaka chomwe mphepo inasasula denga la kalasi yathu.
A Malikebu sanatsegule dikishonale.
Anapukutira choko pathalauza
nati, tiyeni kubwalo.
Kumeneko kunali mabulugamu awiri ozika pansi,
misomali itandandalika ngati mabatani a malaya,
nsungwi yopingasa,
kuseri kwake mulu wa utuchi wochokera kwa ocheka matabwa a kuphiri.

Tinadumpha msomali wachitatu tonse,
ngakhale Yohane wa matumbo a nkhuku uja.
Wachinayi unatipungula.
Pa wachisanu nsungwi inandimenya msongolo,
ndinadya utuchi, anzanga m'mimba gwire ndi phwete.

Kenako Asiyatu,
diresi atalipisira m'kabudula wa mlongo wake,
mapazi ong'aluka ndi chisanu cha Juni,
anathamanga chammbali,
ndipo tinangoona zidendene.
Nsungwi osagwedera n'komwe.

Tisanamalize kuwomba m'manja
aphunzitsi anali ataisunthira kale pa wachisanu ndi chimodzi.
"Kubera kumeneko!" anatero Asiyatu, akupuma wefuwefu.
"Si ine," iwo anayankha.
"Wakweza ndiwe. Ine ndangosuntha nsungwi.
Dzulo wachinayi unali ulemu,
lero wasanduka podutsa mbuzi."

Lemba zimenezo, mwanawe.
Munthu akachita bwino koposa,
zokwanira za dzulo zimachepa,
kwa iye, ndi kwa tonse oima pamzere.

Ndinadzazionanso muno mwa Chinamwali.
Zaka khumi ndinkakhoma mipando ndi misomali ndi guluu,
anthu n'kumagula, osadandaula.
Kunabwera mnyamata wa ku Songani, Saukila,
wolumikiza matabwa ngati zala zopingana popemphera,
wosalaza ndi kunsi komwe, kumene diso silifika.
Lero kasitomala akafika pano
amayamba wagwada,
n'kusisita kunsi kwa tebulo langa.
Ndinamuda mnyamatayo miyezi itatu.
Wachinayi ndinapita kukamubwereka tchizulo.

Koma usatseke kope.
Pali china chomwe mayeso sadzakufunsa.

Alipo okweza nsungwi amene sanadumphepo chikhalire,
okhala pamthunzi, nsapato zopolisha,
ongoloza ndi chala: kwezani, kwezaninso.
Alipo okweza nsungwi n'kukolola utuchi,
kuti wogwa agwere pamwala.
Asiyatu anadumpha wachisanu ndi chiwiri chaka chotsatira,
koma fizi ya Fomu 3 inali pa msomali
umene palibe wa kwawo akanaufika ngakhale ndi makwerero.
Umamudziwa.
Ndi mayi amene amatipatsa pulaizi ya tomato kwa Mpondabwino,
aja amadumpha ngalande ya pamsika, dengu lili pamutu,
osagwetsa n'imodzi yomwe.

Ndiye ukamaugwiritsa ntchito mwambiwu
uyambe wayang'ana miyendo ya wonenayo
ngati ili ndi zipsera.

Akuti upange chiganizo chako?
Usalembe za ine.
Lemba za amako,
amene anabweza madiresi asanu a kwaya kwa telala
chifukwa mpendero unkayenda ngati njira ya ku Chawe,
telala n'kumasula ulusi usiku wonse akung'ung'udza.
Lero akwaya a ku Matawale akusokera komweko.

Wapeza sikisite pa mayeso apitawa, ndamva.
Sindikuuza kanthu.
Nsungwi ndi yako, misomali ukuiona.
Ine ntchito yanga ndi utuchi:
ndiuunjika wambiri kuseriko,
ukagwa udzuke, usase m'tsitsi.

Tsopano sendera, magetsi asanathime.
Ndigwirire mbali iyo,
tilitembenuze tebuloli miyendo m'mwamba.
Kunsi sindinamalize.